Monty Ali ndi Inshuwalansi, Ine Ndilibe

Lolemba, 3 Novembala

Kalata yafika. Pamwamba dzina langa, m'munsi mwake dzina la galu. Inshuwalansi ya Monty yakwera, kuchoka pa mapaundi 38 pamwezi kufika 61. Chifukwa chake akuti wakwanitsa zaka khumi. Ine ndakwanitsa zaka 41 koma palibe wandiwonjezera kanthu!

Ndikumuyang'ana, nayenso akundiyang'ana. Kagalu kafupi, ka ndevu zaimvi, kotsimphina mwendo wakumbuyo. Kwathu ku Ntcheu sangaopseze ngakhale nkhuku.

Ndinaziputa ndekha. Monty anali wa malemu a Harold a ku Longbridge, nkhalamba imene ndinaisamalira zaka ziwiri, kuisambitsa, kuimwetsa mankhwala. Mwana wawo amakhala m'nyumba yosaloleza ziweto. Sabata yawo yomaliza a Harold anandigwira dzanja nandipempha kuti galuyo asakathere kwa anthu achilendo. Ndinavomera. Munthu akamatsirizika sumukanira.

Koma 61 ayi. Zochita sabata ino:
1. Kuimba foni, kudula inshuwalansi lisanafike Lolemba likubwerali, tsiku lomwe ayambe kutenga mtengo watsopano.
2. Ndalamazo ndiziponya m'chitini cha tiyi. Akadwala ndizitapa momwemo.
3. Kumulera mwachimalawi. Agalu akwathu amadya makombo, amagona panja, ndipo sindinamvepo kuti wina ali ndi dokotala wakewake.

Ndatsimikiza. Tiyi ndamukhuthulira m'pepala, chitini ndatsuka.

Lachiwiri, 4 Novembala

Ndikuimba nditaima pa siteji ya basi, pakati pa kasitomala wachiwiri ndi wachitatu. Makina akuti ndine wa nambala 14 pamzere. Kanyimbo kokhakokha mphindi makumi awiri. Ndafika pa nambala 3, basi nayo yafika. Ndadula foni m'malo modula inshuwalansi.

Madzulo ndafotokozera Tiyamike, mnzanga amene timagawana nyumba kuno ku Sparkhill. Waseka mpaka kugwira firiji. Akuti: "Asisi, galu ali ndi insurance, inuyo mukamwalira tidzachita kuyendetsa mbale pa WhatsApp kuti mtembo upite kumudzi!"

Zowawa, koma sakunama.

Maphunziro achimalawi, tsiku loyamba: mpunga wotsala ndi nyemba. Monty wanunkhiza, wandiyang'ana ngati ndamutukwana, wakagona pakhomo. Ndamuuza kuti njala ikamupweteka adya. Sanadye.

M'chitini: mapaundi 10.

Lachitatu, 5 Novembala

Ndinaiwala kuti lero ndi tsiku la eni dziko lino lophulitsa makombola. Ndinakonza zoti Monty ayambe kugona kukhitchini, pafupi ndi chitseko, azizolowera pang'onopang'ono. Sikisi koloko isanakwane Stratford Road yonse ili phu! phu! Galu akunjenjemera thupi lonse, mano akugundana. Walowa kunsi kwa bedi langa. Kenako pamwamba pa bedi langa. Kenako m'bulangete.

Ndikumusisita, ndikumuuza m'Chichewa kuti si nkhondo. A Harold ankamukwezera wailesi tsiku lotere. Ndamukwezera.

Pamene ali pamiyendo panga ndafufuza makampani ena pa foni. Alipo otchipa ndithu! Koma ukawerenga timalemba tating'ono, salipira matenda amene galu anayamba wadwalapo. Ndiye kwa Monty achotsa:
mwendo wotsimphinawo,
makutu onse awiri,
mano,
khungu la pamimba.
Watsala mchira basi. Ndizilipira mapaundi 29 pamwezi kuteteza mchira?

Nyemba zija wadya Tiyamike. Monty wadya chakudya chake cha m'sitolo, mwaulemu wake wonse.

M'chitini: mapaundi 6. Magetsi anatsala pang'ono kuthima.

Lachinayi, 6 Novembala

Lero a inshuwalansi ayankha! Mtsikana wa mawu ofewa. Mawu anga ndinawakonzeratu m'basi, achizungu chowongoka bwino. Ndisanayambe n'komwe, iye akuti: "And how's our Monty doing?"

Basi, zonse zabalalika. Ndamuuza za makombola. Ndamuuza kuti folo koloko iliyonse Monty amakakhala pakhomo, nthawi imene a Harold ankapita naye koyenda, ndipo chaka chatha koma sanasiye. Ndamuuza kuti ndikaweruka miyendo itatupa, m'dziko lonse lino ndi iye yekha amene amandithamangira. Ndalira, ine mayi wamkulu, pa benchi ya kuseri kwa nyumba ya kasitomala, yunifolomu ili m'thupi.

Mtsikanayo wandichotsera mapaundi awiri. Awiri! Ndamuthokoza kawiri konse ngati wandipatsa mbuzi. Ndamuuza kuti ndiganize kaye. Buleki yatha.

Ndakwiya ndi ine mwini tsiku lonse. 59 ndi 61 n'chimodzimodzi, onse ndi akuba.

Lachisanu, 7 Novembala

Uthenga wa mawu kuchokera kwa amayi. Tiyamike anauza mlongo wake, mlongo wake anauza mudzi wonse. Amayi akuti: "Iwe, n'zoona kuti galu wako ali ndi chipatala chake? Azakhali ako aseka mpaka kutsamwa. Kuno mvula yayamba, denga la kuchipinda likudontha."

Sanapemphe kanthu. Amayi sapempha, amangotchula denga.

Manyazi andigwira. Ndalama ya Monty ya miyezi itatu ikhoza kugula malata angapo. A Harold anapita, sakuona. Amayi ali moyo, akunyowa.

Mawa a inshuwalansi amatsegula mpaka 12 koloko. Ndiimba m'mawa, ndipo akandifunsa za Monty ndiyankha kuti ali bwino, basi. Osalira!

M'chitini: mapaundi 2 ndi batani la yunifolomu.

Loweruka, 8 Novembala

Sindinaimbe. Ndinali kukazinga mandasi a ku chiyanjano cha mpingo, kunyumba kwa a Phiri ku Coventry. Pokumbukira n'kuti nthawi itapitirira.

Monty ndapita naye, poti makombola sanathe ndipo pakhomo sipatsala munthu. Anthu adzaza m'nyumba mpaka kubwalo lakuseri, majekete ali m'thupi, nkhuku zikuwotchedwa. Amayi ena akuti: "Uyu ndiye galu wa insurance uja?" Onse kudzamuona ngati mkwatibwi.

Ine ndili kukhitchini kutsuka mbale. Sindinaone. A Phiri, mkulu wa mpingo, munthu wa mtima wabwino, akamaliza kudya ntchafu akuponya fupa pansi, monga aliyense amachitira kwathu galu akakhala pafupi. Azibambo enawo nawonso akuponya. Ndipo Monty, amene wakana chimalawi sabata yonse, lero wachilandira ndi mtima wonse!

Ndangomva mwana wa a Phiri akukuwa: "Dad, no! He can't have bones!"

Potuluka ndapeza galu akutsokomola, dovu likuchucha, akukanda pakamwa ndi miyendo, maso ali tong'o. Ndamunyamula ndi manja a sopo.

A Phiri ayendetsa galimoto ngati si mkulu wa mpingo. Njira yonse akungoti: "Pepani mayi, kwathu timatero. Ine ndimati ndikumuchitira ulemu."

Kwa dokotala wa ziweto amulowetsa nthawi yomweyo. Mayi wa pa kauntala akundiwerengera: kumugoneka, kumujambula, mwina kumung'amba. Zikhoza kupitirira mapaundi zikwi ziwiri. Ndaganiza za chitini, mapaundi awiri ndi batani. Kenako akufunsa: "Is he insured?"

Inde! Inde ali nayo! Chifukwa cha basi, misozi ndi mandasi, ali nayo!

A Phiri avula chipewa, apemphera pomwepo, pakati pa mzungu wa mphaka ndi mzungu wa kalulu m'bokosi. Pemphero lake lalitali, dzina la Monty alitchula katatu. Ine "Ameni" wanga anatuluka ndi chimfine.

Wagona komweko.

Lamulungu, 9 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndakamutenga. Fupa linakakamira pammero, alitulutsira kukamwa, sanamung'ambe. Andipatsa m'kabotolo, kaya ndilitani.

Si zaulere ayi. Poti ndi wokalamba, gawo langa lilipobe, mapaundi pafupifupi 300. Zotsalazo alipira a inshuwalansi. Ndinali ndisanadziwe kuti 300 ndiitenga kuti, foni yayamba kulira. A Phiri alemba pa gulu la mpingo kuti pagwa zovuta. Mbale yayenda pa WhatsApp. Ya galu! Tiyamike waponya 20, ndipo akuti ndikadzauza munthu kumudzi iyeyo adzandikana.

Ndinaopa kuuza amayi, koma nkhani inafika kale. Uthenga wawo ndaumvera kanayi:

"Mwana wanga, pepala limenelo usadule. Tsiku lija la bambo ako tinaima pakhomo pa chipatala kuwerenga ndalama, iwo akubuula panjinga. Ngati kumeneko kuli pepala loti wodwala alowe kaye, lisunge, ngakhale likhale la galu. Zadenga usade nkhawa, ndatchera beseni."

Ndakhala pansi m'khitchini, ndalira kachitatu sabata ino.

Ndiye zatha motere:
inshuwalansi sinadulidwe,
mawa atenga 59,
ndalembetsa mashifiti a Loweruka mwezi wonse, amenewo ndi a malata,
ine ndikadalibe inshuwalansi.

Folo koloko yakwana. Monty wadzuka, akudzandira ndi mankhwala, wakakhala pakhomo monga mwa masiku onse. Koyenda sangathe lero. Ndatenga bulangete, ndakhala naye pomwepo.

Tiyi ndamubwezera m'chitini.