Mazana Asanu a Chileshe

Nkhani iyi ana anga saidziwa, ndipo inu amene mumandidziwa ku komboni ya Mtendere, chonde isakafike kunyumba. Mpaka lero ndikakumana ndi anthu amene tinkagwira nawo ntchito, ndimayamba ndine kuyang'ana kumbali.

Inali nthawi ija makampani a boma ankagulitsidwa ngati salaula, zovala zakale za pamsika zija. Kampani yathu yopanga mipando itapeza eni atsopano, anthu ambiri analandira makalata owachotsa ntchito, ife otsala tinalandira makompyuta. Ine ndinali wotayipa makalata a bwana wathu, ba Tembo. Makompyutawo sankasunga kanthu m'mimba mwawo. Chilichonse chimene walemba chinkayenda pawaya n'kukagona m'chimakina chachikulu chotchedwa seva, chimene chinkakhala m'kachipinda kozizira kumapeto kwa khonde. M'menemo aliyense anali ndi malo ake opimidwa, monga mmene landilodi amakupimira chipinda. Ukadzaza, basi, palibe china cholowa.

Woyang'anira sevayo anali ba Yusufu a ku Chawama, mwana wa telala wina amene anachokera ku Mangochi kalekale. Wamtali, wolankhula mofatsa, malaya osita mpaka kolala n'kuima yokha. Sanandifunsirepo (ndinene zoona pamaso pa Mulungu), koma kawiri konse anandiperekeza kokwerera minibasi, ndipo tsiku lina mvula itagwa anandibwereka ambulera. Kwa ine nkhani inali itatha. Ndinali nditayamba kale kuganiza mmene ndidzawauzire amayi, a mvano aja, kuti mkamwini wawo amapemphera Lachisanu.

Vuto la sevayo linali lakuti munthu sunkadziwa malo amene akutsalira. Unkangodzidzimuka kompyuta yakana kusunga ntchito yako. Anthu atadandaula kwambiri, ba Yusufu anakonza zoti pakona ya sikirini ya aliyense pazioneka manambala awiri: malo amene wadya, ndi malo onse amene unapatsidwa.

"Manje kulibe vodandaula," anatero akuzungulira m'maofesi. "Aliyense azaona yeka. Nambala ikafika pafupi, chosani vintu vakudala."

Yanga inkati 12 pa 50. Ankati ndi megabayiti. Sindinkadziwa kuti megabayiti ndi chiyani, koma ndinali nazo makumi asanu, ndipo masiku awiri athunthu ndinali wokhutira.

Lachitatu ndinapita ndi kalata ku ofesi ya zogulitsa. Kumeneko kunali Chileshe wa ku Matero, mtsikana wosekera pamwamba, wa nsapato zogogoda. Maso anga, amene sindinawatume, anagwera pakona ya sikirini yake. 500.

Ndinawerenganso maziro aja. Anali awiri ndithu.

"Iwe Chileshe, yako ikamba zingati apo?"

"Faivi handiredi," anayankha osatembenuka n'komwe. "Ba Yusufu ananiikilako sabata yatha."

Ananiikilako! Abale, ine ndinakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri tili anthu asanu ndi awiri. Ndimadziwa kuti malo sapatsana chabe. Mwamuna akapatsa mkazi wina malo kuchulukitsa kakhumi, ambulera ndi chiyani? Tsiku limenelo mu minibasi ndinakhala pampando wa pakhomo, kondakitala akundiponda phazi, koma sindinamve kanthu. Ndinkangoona maziro awiri.

M'mawa mwake ndinapita kukachipinda kozizira kaja, nditadzola bwino.

"Ba Yusufu, nanga ine malo yanga niyang'ono so chifukwa chani?"

Anayang'ana pamakina awo. "Mwasebenzesa twelufu chabe, ba sisita. Makalata siyalema, siyadya malo. Yakazula tizakambisana."

Mawu akuti "ba sisita" ndinawameza ngati kwinini. Koma ena aja ndinawagwira bwinobwino: akadzadza, tidzakambirana. Chabwino. Adzadza.

Ndinayamba ndi kukopera makalata akale, lililonse kasanu. Nambala sinasunthe. Ndinatayipa Salimo 119 lonse kuchokera m'Baibulo la m'chikwama changa (Ambuye andikhululukire, sichinali chifukwa cha uzimu). Nambala inangoti 12 yomweyo, kundiyang'ana. Kenaka ndinamva wina akunena kuti chimene chimadya malo ndi zithunzi.

Ku ofesi ya zogulitsa kunali makina olowetsera zithunzi mu kompyuta. Nthawi ya nkhomaliro, onse atatuluka kukagula chakudya, ndinalowa. Chithunzi chokha chimene ndinali nacho m'chikwama chinali cha tsiku la apantchito, pamene tonse tinajambulitsa titavala mayunifolomu. Kunena zoona sichinali chonse. Ndinali nditachidula ndi sizasi n'kutsala ba Yusufu okha, ndi kachidutswa ka mkono wa Chileshe amene anaima pambali pawo, kamene sizasi inalephera kuchotsa popanda kuwadula phewa.

Kompyuta inandifunsa dzina la chithunzicho. Ndikanatha kulemba "mpando." Ndikanatha kulemba "kalata." Ine mwana wa amayi ndinalemba "wanga."

Nambala inalumpha. Mtima wanga nawo unalumpha. Ndinakopera: wanga1, wanga2, wanga3, osatopa. Pofika Lachinayi la sabata yotsatira inali pa 49 ndipo inali itafiira. Lachisanu ndinavala diresi langa la ku tchalitchi, kukonzekera zokambirana zija.

Chimene ndinaiwala n'chakuti ndinalinso pantchito. Masiku awiri ndinali nditatayipa chikalata cha masamba khumi ndi anayi chopempha kuti kampani yathu ipatsidwe ntchito yopanga madesiki a sukulu. Chinkayenera kufika m'tauni isanakwane thwelofu koloko tsiku lomwelo, ndipo tonse tinkadziwa kuti ntchitoyo ikatiphonya, makalata ena ochotsa anthu atuluka. Ba Tembo anabwera ndi zosintha zingapo. Ndinasintha, n'kudina kuti isunge. Panatuluka kauthenga kachingerezi. Ndinadina "inde" osawerenga, monga mwa masiku onse. Nditatsegulanso chikalatacho, munali mbee, tsamba loyera ngati ufa.

"Chili kuti?" anafunsa ba Tembo.

"Chinali pamene apa, bwana."

"Itanani Yusufu! Manje manje!"

Ba Yusufu anabwera atavala kale kapu yawo, ali pafupi kunyamuka kupita ku mzikiti. Kukuwa kwa bwana kunaitananso ena. Chileshe anafika ndi nsapato zake, n'kuima kumbuyo kwanga.

"Malo yazula," anatero ba Yusufu. "Yenze pa twelufu sabata yatha. Mwaikamo chani, ba sisita?"

Ndinayamba kuongola mapepala patebulo. Iwo anatsegula okha malo anga aja. Mndandanda unatsika mpaka pansi, n'kupitirira. Anadina wanga1. Nkhope yawo inatuluka pang'onopang'ono kuyambira kumutu, mmene zinkachitira zithunzi masiku amenewo: tsitsi, chipumi, maso, kumwetulira. Anatseka msanga. Anadina wanga17, mwina poganiza kuti kumeneko kuli mipando. Tsitsi, chipumi, maso.

Chileshe anaweramira pa sikirini.

"Ako kakwanja kali pambali nikanga!" anakuwa Chileshe. "Ananidula!"

Ba Tembo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. Wina pakhomo anathawira kukhonde, ndipo kuseka kwake tinakumva kukutsika masitepe. Ine ndinkapempha simenti kuti ing'ambike.

Mwamwayi seva inkakopera zonse pa tepi tsiku lililonse. Ba Yusufu anabweza chikalata cha dzulo lake, makutu akuoneka kuti atentha. Kuti chilowe, anayenera kufufuta zithunzi zija. Atatsala ndi chomaliza anandifunsa chapansipansi, "Nisiyeko chimozi?"

"Chosani vonse," ndinatero, maso ali pa kiyibodi.

Ndinatayipanso zosintha zija, dalaivala wa kampani anathamanga nacho chikalatacho, ndipo chinafika nthawi isanathe. Lolemba ndinalandira kalata yochenjeza, imene ndinaitayipa ndekha chifukwa panalibe wotayipa wina. Tsiku lomwelo ndinamva kuti Chileshe anapatsidwa mazana asanu chifukwa ankasunga zithunzi za masofa ndi matebulo zoonetsa makasitomala, komanso kuti panali fomu imene aliyense akanatha kulemba, bwana n'kusaina. Kwa chaka chathunthu dzina langa pakampani linali "ba Wanga." Ngakhale alonda a pageti ankandipatsa moni motero, mwaulemu wonse.

Patapita miyezi itatu ba Yusufu anakwatira mtsikana wogulitsa zitenje ku Kamwala, amene anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire. Ku ukwatiwo ndinakwera minibasi imodzi ndi Chileshe. Tinakhala moyandikana, aliyense ndi mphatso yake pamiyendo, ndipo ndinaona kuti nayenso maso ake anali otupa. Ndinamumvera chisoni. Ndinaona kuti tonse awiri tinali zitsiru za munthu mmodzi, ndipo ndinamugwira dzanja ngati m'bale wanga.

Titayandikira Chawama ndinamufunsa, kungofuna kucheza, "Yako ikali pa faivi handiredi?"

"Awe," anatero akupukuta mphuno. "Ananiikilako futi. Manje ni wani sauzande."

Ndinachotsa dzanja langa.