Kwa Bwana Wotiteteza kwa Ajeremani

Chitakale, Mulanje, 1918

Bwana wolemekezeka,

Ine ndine Estele, mkazi wa Filipo Namakhwa, munthu wamba amene ndinaphunzira kulemba pang'ono ku Mishoni. Mesenjala wanu watiuza kuti Ajeremani alowa m'dziko la Apwitikizi, ndipo inu mutu ukukupwetekani posankha njira yabwino yotitetezera. Poti njira zonsezo munaziyesapo kale pa ife, ndati ndikuthandizeni kusankha.

Yoyamba, kutilanda mfuti zagogodera ndi mikondo. Imeneyi ndi nzeru yakuya. Mpaka lero palibe mdani amene waba mfuti m'mudzi muno. Nguluwe nazo zikupereka moni. Zamaliza chinangwa, ndipo masiku ano zimabwera dzuwa likuswa mtengo, mosathamanga.

Yachiwiri, kutseka malire ku Muloza. Amayi anga ankakhala kutsidya. Atadwala, asilikali anu anandibweza padoko, ati mwina m'dengu mwanga muli uthenga wa adani. Munali nandolo ndi nkhuku yootcha. Nkhukuyo anaifufuza mosamala mpaka kutsala mafupa. Amayi anaikidwa ine kulibe, koma mtima unakhala pansi podziwa kuti zinsinsi za boma sizinaoloke mtsinje.

Yachitatu ndi ija mumaikondetsa, ya mtengatenga. Filipo munamutenga ali m'munda wa tiyi, chingwe m'chiuno, kuti akasenze katundu wa nkhondo. A Pilato, amene anatengedwa naye limodzi, abwerako nthiti zili pamtunda. Akuti Filipo anamusiya atagona m'mbali mwa njira akutsegula m'mimba, ndipo katundu wake anasenzetsedwa wina. Ndinakondwa kumva kuti katunduyo anafika bwino. Ana akandifunsa za bambo awo, ndimawauza kuti funso limenelo ndi la boma. Tamva kuti mukufuna amuna ena. Amene simunawatengepo atsala ndi a Isake okha. Ndi akhungu, koma akuti azikalondola kumene kukumveka chikoti.

Mukandifunsa njira yopambana, ndisowa choyankha, Bwana. Zonse zagwira ntchito, pakuti Mjeremani sitinamuonepo n'kamodzi komwe. Zimene akanatichita, mwamuchitira inu, osamuvutitsa ulendo.

Pempho langa ndi laling'ono, ndipo ndikulipereka nditagwada. Mvula ikagwa, mutisiye opanda chitetezo dzinja limodzi lokha, tilimeko, kuti chaka chamawa mudzapeze anthu oti muwateteze.

Ine wantchito wanu wotetezedwa mokwanira,

Estele,
mkazi wa Filipo, kapena wamasiye wake. Inu ndinu odziwa.