Masokosi a Ankolo Bester

Ankolo Bester, amene tawaika m'manda kuno ku Brampton, ku Canada, mwezi wathawu, sankasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Wina akanabisa, koma iwo ankanyadira ngati digiri. Ku tchalitchi ankabwera atatchena suti, koma akakhala pansi buluku n'kukwera, mwendo uno sokosi yofiira, uwo yobiriwira. Nanga munthu wamkulu ungamuuze bwanji?

Nkhani yawo inali imodzimodzi. Ankati bambo awo sanatengedwe pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chifukwa ankagwira ntchito ku njanji, sitima sizikanayenda popanda iwo. Ankolo eni akewo, ali mnyamata, anapita ku Zomba kukalembetsa usilikali. Anawaonetsa pepala la timadontho tamitundumitundu kuti atchule nambala yobisika, iwo anangoona ngati mapira otayika pansi. Anawabweza tsiku lomwelo.

"Banja lathu nkhondo imatilambalala," ankatero. "Bambo njanji, ine maso."

Nkhondo itabuka ku Ulaya chaka chija, ankolo anatsimikiza kuti Canada iyamba kutola anthu opita kunkhondo. Pa msonkhano wa Amalawi ku Etobicoke anaima pakhomo n'kumatisankha ngati mbuzi pamsika.

"Zelipa, ndiwe nesi, utsala. Sadiq, umadula nyama, asilikali adzadya chiyani? Utsala. Victor, iwe wa ku banki..."

"Ine bwanji, ankolo?"

"Basi yoyamba. Gula jekete yolimba."

"Nanga amuna anga?" ndinafunsa, chifukwa a Fiskani amanyamula makatoni ku weyahausi.

"M'makatonimo muli chiyani?"

"Zidole za ana."

Anapukusa mutu. "Auze akaaplaye kumene amanyamula mankhwala."

Anthu anaseka, koma ine ndinakawauzadi a Fiskani. Anandiyang'ana n'kupitiriza kudya.

Ndiye panali tomato. Ankalima kuseri kwa nyumba ya mwana wawo, ndipo ankati wofewa ndi wowola, choncho ankathyola wolimba ngati mwala. "Mayi a Luke, wakupsa psuu uyu!" Ine n'kulandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Nyumba iliyonse ya Mmalawi pawindo pankandandalika tomato wa ankolo akudikira kupsa, ndipo palibe anaulula.

Chaka chatha aphunzitsi a mwana wanga Luke anandiitana. Ana anauzidwa kujambula mbendera za kwawo, ndipo wangayu, chithunzi chili pamaso pake, anaika chobiriwira pakati, chofiira pansi. Nditapita naye kuchipatala, dokotala wa maso anatulutsa pepala la timadontho lija. Luke nambala sanaione. Ndinafunsa za mankhwala, anati palibe. Anatinso ntchito zina, monga kuyendetsa ndege, zikhoza kudzamuvuta. Chonsecho mwanayu ndege iliyonse yonyamuka pa bwalo la ndege la Pearson amaithamangira pawindo, amati ndi yake.

Ndinalira m'basi njira yonse. Nditawauza ankolo, anadzuka pampando n'kuyamba kuvina, ndodo m'mwamba.

"Mulungu wamukonda mwana! Ameneyu nkhondo sadzaiona! Victor adzapita, uyu adzatsala ndi ine!"

"Ankolo, mwanayu amafuna kuyendetsa ndege."

Ndodo ija inatsika. Anakhala pansi, n'kuyang'ana masokosi awo.

"Nanenso yunifolomu ija ndinkaifuna," anatero. "Ndinalira kuchoka ku Zomba mpaka ku Liwonde. Mubweretse Loweruka."

Kuyambira pamenepo Loweruka linali la awiriwa. Anamuphunzitsa kuti pa maloboti asamadalire mtundu, nyali ikayaka pamwamba aime, ikayaka pansi adutse. Makrayoni aziwerenga dzina lolembedwa m'mbali. Ankolo Chichewa, Luke Chingerezi, koma ankamvana kuposa ine mayi wake. Mu Okutobala masamba atafiira, ife tikujambulitsa m'paki, iwo anakhala pabenchi n'kumatiseka.

"Akuona chiyani anthuwa, Luke?"

"Leaves, agogo."

"Basi. Masamba. Misala yokhayokha."

Tsiku la maliro Luke anavala yekha. Titakhala m'tchalitchi buluku lake linakwera, ndinaona sokosi yofiira ndi yobiriwira. A Fiskani anandinong'oneza kuti ndikamusinthe. Ndinati musiyeni.

Pano pa misonkhano timangolowa, palibe wotiuza wotsala ndi wopita. Victor akuti jekete ija anagula ndithu. Ine ndikafuna kudziwa zimene mwana wanga akuona, ndilibenso womufunsa. Pawindo langa patsala tomato mmodzi wa ankolo, ndipo tsopano wapsadi, wafiira psuu. Dzulo ndinamuonetsa Luke. Anamuyang'anitsitsa, n'kunena kuti ali chimodzimodzi ngati tsiku limene agogo anabwera naye. Ndinangobwezera tomatoyo pawindo.