Jasi la Bambo pa Mlatho wa Njanji

Ndiyambe ndi kupepesa kwa anthu a ku Rugare, dera lathu kuno ku Harare, amene anasiya kudzera pa mlatho wa njanji mu Juni uja, n'kumazungulira mtunda wautali kuli chisanu choluma zala. Wolakwa ndine. Ndakhala chete nthawi yaitali, koma nkhaniyi yandikwana.

Bambo anga, aMbewe, anabwera ku Harare ali mnyamata kuchokera m'munsi mwa phiri la Mulanje, ndipo anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma. Moyo wawo wonse ankanena kuti chaka chamawa tipita kumudzi. Ankatisimbira za chiperoni, kamvula kozizira kotsika m'phiri, moti ine wobadwira ku Rugare ndinkalisowa phirilo ngati ndinakulirako. Chaka chamawacho sichinafike. Tinawaika kuno, ndipo mayi sanadzikhululukire. Ankangoti, "Abambo anu tawagoneka kuchilendo."

Ndiye nditamva kuti mu Julayi kuli mpikisano wothamanga m'phiri lomwelo, ndinalembetsa pafoni osaganiza n'komwe. Ine, wa zaka makumi anayi ndi zinayi, amene kuthamanga kwanga kunali kothamangira kombi, kaminibasi kopita kuntchito ku Willowvale, basi (ndipo nthawi zambiri inkandisiya). Ndinkafuna mmodzi wa ife akapondeko. Mayi sindinawauze, chifukwa dzina la Mulanje likatchulidwa m'nyumba mwathu, tsiku limenelo sadya.

Vuto linali lakuti ku Rugare kulibe phiri. Mnzanga wina wa kufakitale, amene amati anathamangapo m'mapiri a ku Nyanga, anandilangiza motsimikiza.

"Peza masitepe, uzikwera utabereka katundu, m'mamawa kukuzizira. Ugulenso tochi yomanga pamphumi. Mipikisano imeneyi imayamba kusanache."

Masitepe ndinawapeza pa mlatho wa oyenda pansi wodutsa pamwamba pa njanji. Katundu anali njerwa zinayi m'chikwama cha kumsana. Tsiku loyamba ndinapita ndi kamalaya kopyapyala, ndipo ndinabwerako mano akugundana. M'pamene ndinakumbukira jasi la bambo la kuntchito, lakuda, lofika m'mawondo, la mabatani achitsulo. Pogawa zovala za malemu, mayi anakana kuti jasilo lipatsidwe munthu. Analitsekera m'thiranki m'kachipinda ka makasu, pafupi ndi chipinda changa cha kuseri. Ndinayamba kulitenga faifi koloko n'kulibwezera sikisi isanakwane.

Zingwe za chikwama sizinkakwana pamwamba pa jasi, choncho ndinkavala chikwama m'kati, jasi kunja. Msana unatuluka linunda. Tsiku lachinayi bondo lamanzere linayamba kuwawa, ndipo ndinayamba kutsimphina. (Bambo anakalamba atawerama, ndipo ankatsimphina mwendo wamanzere chifukwa chitsulo cha njanji chinawagwera. Zonsezi ndinaziganizira mochedwa.)

Patapita sabata ndinaona kuti anthu achepa pamlathopo. Ndinasangalala, ndikuti Mulungu wandipatsa malo. Kenako m'mawa wina ndikutsika, mayi wina wosenza dengu anangondiyang'ana, n'kukuwa kuti "Maiwe!" Matimati balala pansi, iye liwiro. Ine ndinaganiza kuti kumbuyo kwanga kuli tsotsi, mbava yachiwembu, ndiye ndinayamba kuthawa nanenso, kulowera komwe ankathawira mayiyo. Tangoganizani: jasi likukupiza, tochi ikuwala pamphumi, ndikutsimphina m'nkhungu, uku ndikufuula m'Chichewa kuti, "Dikirani! Tipitire limodzi!"

Sanadikire.

Lamlungu masana ndikupukuta nsapato pansi pa zenera, ndinamva Mai Tendai akulowa kwa mayi. Ameneyu ndi neba wathu wa Chishona amene anaphunzira Chichewa pampanda, pocheza ndi mayi zaka zambiri. M'nkhungu muja sindinamuzindikire kuti ndiye mayi wa matimati uja.

"Amai, musakwiye, koma ndawaona ndi maso angawa," anatero. "Chipoko! Mzukwa, monga munenera inu. VaMbewe enieni. Jasi lija, moto pamphumi. Akukwera, akutsika, akukwera, akutsika. Anthu akuti akudikira sitima ya kwawo. Ine anandithamangitsa, akuti tipitire limodzi. Ine ku Malawi ndikatani?"

Ndinangomva kapu ya mayi ikuikidwa patebulo pang'onopang'ono.

Apa m'pamene mwana wabwino akanalowa n'kuulula. Ine manyazi anandigwira, ndinangopitiriza kupukuta nsapato. Ndinaisinkhasinkha nkhaniyo ndi nzeru zanga zonse, ndipo ndinapeza kuti vuto ndi tochi. Mpikisano unali utatsala masabata atatu, chisanu sichinachepe. Lolemba ndinasiya tochi, n'kuvala jasi.

Kunali nkhungu yosakanikirana ndi utsi wa moto wa m'mawa. Ndinakwera, ndipo potsika ndinaona munthu ataima kumapeto kwa masitepe. Sankathawa. Anali atavala duku loyera la kutchalitchi, fulasiki ya tiyi m'khwapa, kanthu kena m'manja.

"AMbewe, ndi ine," anatero mayi, maso ali pansi. "Sindikuopani. Ndinakulakwirani, ndinalibe mphamvu zokutengerani kwanu. Koma sitima ya anthu inasiya kale kuyenda pano, mukungodzivutitsa ndi mwendo wanuwo. Ndakubweretserani pasipoti yanu. Ngati iliko njira, pitani. Ana akula, za ine musadandaule."

Anatambasula manja onse awiri, atagwira kabuku kakale kaja. Chibadwire sindinamvepo chisoni ndi manyazi nthawi imodzi ngati m'mawa umenewo. Ndinalakalaka ndikanakhala bamboyo, mwina ndikanakhala ndi chowayankha.

"Mayi," ndinatero. "Ndine."

Anayandikira, n'kundiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Kenako anazungulira kumbuyo, n'kugogoda linunda lija. Njerwa zinalira.

"Izi n'chiyani?"

"Njerwa, mayi."

"Ukumanga nyumba pamwamba pa njanji?"

Ndinaulula zonse: mpikisano, phiri, mnzanga wa kufakitale, matimati a Mai Tendai. Anamvetsera osandidula.

"Ukupita ku Mulanje? Iwe? Ndi mimba imeneyi?"

"Inde, mayi."

"Benzi," anatero m'Chishona, chifukwa mayi akakwiya kwenikweni Chichewa sichiwakwanira. "Chitsiru cha mwana. Ine ndafika pano folo koloko, ndakonzekera mawu usana wonse wa dzulo."

Anakhala pa sitepe yoyamba, n'kuthira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki. Anali wopanda mkaka, wa shuga wambiri, monga ankamwera bambo. Anandipatsa ine poti panalibenso wina womupatsa. Nditamwa, anaika pasipoti ija m'thumba la m'kati mwa jasi, n'kumanga batani.

"Ukapite nayo. Ukawauze kumeneko kuti munthu wawo sanawaiwale."

Ndinkayembekezera kuti tsopano andivula jasilo, tibwerere kunyumba anthu asanachuluke. M'malo mwake anandikonza kolala, n'kusasa fumbi paphewa.

"Kweranso kamodzi," anatero. "Ine ndikaima uko, patali, pomwe nkhope sioneka."

"Mayi, bondo likuwawa."

"Ndikudziwa. Usaliwongole."

Munthu wanzeru akanaphunzirapo kuti chisoni cha mayi ake si choseweretsa, n'kukana mwaulemu. Ine nzeru zimenezo ndilibe mpaka lero. Ndinadikira mpaka atafika pamtengo wa magetsi, n'kutembenuka. Ndinakwera masitepewo pang'onopang'ono, osacheuka, chifukwa amene mayi ankamuyang'anayo sindinali ine.