Mmene Ndinamasulira Maheda a Kenelo ku Maitland

Amene akuti ndimanama aimirire pompano ndimuone nkhope. A Phiri, ndakuonani mukupukusa mutu uku mukutembenuza nyama pamotopo. Tembenuzani nyamayo, mutuwo muusiye. Inu mwafika ku Kapa kuno dzulodzuloli, mwandipeza ndili ndi ndodo ndi magalasi okhuthala, ndiye mukuyesa ndinabadwira pa siteshoni ya Kraaifontein ndikugulitsa matchaja a foni. Ayi ndithu. Manja awa anagwirapo mtima wa kompyuta uli wamoyo, ukugunda, ndipo ndikulumbira pali manda a amayi anga ku Ntcheu kuti nkhani iyi sindithiramo mchere.

Masiku amenewo ndinkalemba mapulogalamu pa kakampani kena ku Maitland, kuseri kwa njanji, pamwamba pa shopu ya matayala. Tinkapanga timakina toyendetsa zipinda zozizira zimene alimi amasungiramo mphesa zisanakwere sitima ya panyanja. Inali nthawi yabwino, abale. Sitima ya m'mawa inkabwera ikadzaza anthu oimba nyimbo za Mulungu m'ChiXhosa, ine ndili pa zenera ndi buledi wanga m'pepala, ndikuona phiri lija la kuno ku Kapa likukula pang'onopang'ono, ndipo ndikatsika ndinkapeza a Gondwe atandidikira pachipata. A Gondwe anali mnzanga wa pa tebulo limodzi, Mtumbuka wa ku Rumphi, wamtali ngati mlongoti, wosakonda zolankhula. Abwana athu anali mayi wa ku Brackenfell amene tonse tinkangowatcha Mevrou.

Tsono tcherani khutu. M'kati mwa kamakina kalikonse muli pulogalamu yotchedwa kenelo. Imeneyo ndiyo mtima: imauza fani nthawi yozungulira, imamvetsera kapimira wa kuzizira, imagawa ntchito kwa aliyense. Kenelo siilembedwa pamodzi, ndi mafayilo zikwizikwi, ndipo pamwamba pa fayilo iliyonse pamakhala mizere yoitana mafayilo ena otchedwa maheda, amene amalongosola maina a zinthu ndi kapangidwe kake, kuti fayilo imve zimene inzake ikunena. Ukamaliza kulemba, kompyuta yaikulu imasonkhanitsa zonsezo n'kumanga kenelo yathunthu yoti ilowe m'kamakina.

Vuto lake linali ili. Anthu amene anatitsogolera pa ntchitoyo anali aulesi, ndipo heda iliyonse inkaitana ina, inayo n'kuitana zina khumi, khumizo n'kuitana mudzi wonse, moti zinali ngati waitana munthu mmodzi ku ukwati ndiye wabwera ndi alamu ake, apongozi a alamu akewo, kwaya ya ku tchalitchi kwawo ndi mbuzi zomwe, ndipo pena maheda awiri ankaitanana okhaokha, uyu akuti yambani ndinu, uyo akuti ayi yambani ndinu, ngati mkamwini ndi apongozi akumana pa kanjira kopanikiza. Ukangosintha kadontho kamodzi mu heda imodzi, kompyuta inkayambiranso kumanga zonse kuchokera pachiyambi. Mukumva? Mnzathu wina anadina batani loyambitsa kumanga ali mbeta, anapita kukafunsira ku Bellville, anakwatira, mwana anabadwa, anamera mano, iye pobwera ku ofesi anapeza kompyuta ikuti dikirani pang'ono. Ndipo kutentha kwake! Mwezi wa Julaye, mvula ya kuno ikuchita kugwa cham'mbali, ife tinkagwira ntchito titavula malaya, anyamata a matayala pansi paja ankabwera kudzaotcha chimanga pamwamba pa kompyutayo, ndipo mtambo uja mumauona utayala pa phiri ngati nsalu ya pa tebulo, ambiri amati ndi mphepo ya kunyanja, koma chaka chimenecho unali nthunzi yotuluka pa zenera lathu.

Tinkapirira choncho mpaka chilimwe china, mphesa zitapsa, pamene timakina tathu tinayamba misala. Kamakina kankati kaziziritsa bwinobwino, kenaka n'kuima osanena, chipinda n'kuyamba kufunda. Alimi anaimba foni mpaka waya anatentha. Cholakwikacho tinachipeza msanga, chinali kadontho kamodzi mu heda yaikulu kwambiri, mayi wa maheda onse, koma kuti uchikonze n'kuyesa ngati zatheka unayenera kumanga kenelo yonse, ndipo pomafika pamapeto mphesazo zikanakhala zitasanduka vinyo, vinyoyo n'kusanduka viniga. Mevrou anatuluka mu ofesi mwawo maso ali psuu, nanena kuti zikavunda mphesa kampani itsekedwa. Ndinayang'ana a Gondwe. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali omangirira pa ntchito imeneyo, ndipo mkazi wawo anali akulandira chithandizo cha impso kuchipatala kuno, chimene kumudzi sakanachipeza pafupi. Anangovula magalasi n'kumawapukuta, kupukuta, kupukuta.

Ndinaimirira n'kunena kuti, "Mevrou, vuto si kadonthoko. Vuto ndi ukwatiwu. Ndiloleni ndibweze alendo osaitanidwa."

Iwo anati, "Ukaphwanya, taphwanyika tonse."

Ndinapinda manja a malaya, abale, n'kuigwira heda yaikulu ija pakhosi, ndipo nditakoka mzere woyamba mafayilo anayetsemula mpaka ku Joni, koma sindinasiye, ndinaing'amba pakati, maina a zinthu ndinawaika m'timaheda tating'ono paokha, zochita za zinthuzo paokha, fayilo imene inkangofuna kudziwa dzina la mnzake ndinaipatsa dzina lokhalo osati mbumba yonse, maheda oitanana aja ndinawakhazika pansi n'kuwauza woyamba ndani wotsatira ndani, ndipo zala zanga zinkathamanga moti zilembo za pa kiyibodi zinafufutika, mabatani anayamba kudumpha ngati chimanga chokazinga, kiyibodi itatha ndinapitiriza kulemba pa tebulo penipeni ndipo kompyuta, poona kuti munthuyu sakuseka, inkangolandira. Kunja mphepo ija ya kum'mwera inali itakwiya, inasasula malata awiri a denga lathu n'kukawasiya ku Goodwood, ine osadzutsa mutu. Mukumva, a Phiri? Osadzutsa mutu!

Koma ndisakunamizeni kuti zinayenda mosalala. Nditayesa kumanga koyamba, zonse zinagwa. Mauthenga a zolakwika anatuluka ambirimbiri, ofiira, anadzaza sikirini mpaka inatupa ngati mimba, anayamba kutayikira pansi, anafika m'mawondo, a Gondwe anachita kutenga tsache n'kumawasesera pa masitepe, ndipo mwini matayala anabwera kudzadandaula kuti makasitomala akuterereka. Mevrou anangokhala pansi atagwira tsaya. Apa ndinali nditaphwasula nyumba ya eni ndipo mvula inali pafupi.

Anali a Gondwe amene analoza ndi chala chawo chachitali chija. Anati, "Akulu, taonani fayilo ya fani. Imadya za heda imene sinaiitanepo." Zoonadi, fayilo imeneyo zaka zonsezo inkapeza zosowa zake kudzera mwa msuweni wa msuweni wa mlendo, ndipo nditabweza alendowo inatsala ndi njala. Zoterozo zinalipo zambiri. Tinakhala phewa ndi phewa, iwo akutchula, ine ndikulemba, fayilo iliyonse tikuiphunzitsa kuitana yokha chimene ikufuna, ndipo zofiira zija zinayamba kuphwa ngati madzi a m'dambo mwezi wa Okutobala mpaka pansi panauma.

Ndiye ndinatambasula chala kuti ndidine batani. Sindinalikhudze. Ndikulumbira, chala chili m'malere, kompyuta inati ndamaliza. Kenelo yonse! Tinakonza kadontho kaja, tinayesa, tinayesanso, dzuwa lisanapendeke timakina tonse ta m'minda tinali titalandira kenelo yatsopano, ndipo mphesa zimenezo zinazizira bwino kwambiri moti zitafika kutsidya kwa nyanja zinali zikuphukabe masamba m'makatoni, azungu akumeneko n'kumafunsa ngati tawatumizira munda. Kompyuta yathu ija, posowa chochita, inazizira mpaka tiyi ankaundana m'kapu, ndipo m'mawa mwake tinapeza mbalame zija zoyenda ngati abusa ovala jekete, mapengwini, zitakwera sitima ku Simon's Town, zasintha pa Salt River popanda wozifunsa tikiti, zaima pamzere pa masitepe athu kufuna malo ogona.

Mevrou anatigulira nsomba ndi tchipisi, tinakadyera pa khoma la njanji, miyendo ili lendelende. Tsiku limenelo ndi limene ndinamva a Gondwe akuseka koyamba, kuseka kwenikweni, mpaka misozi. Anandigwira dzanja nati, "Yewo, akulu." Basi, mawu awiri, kuthokoza kwa kwawo. Mkazi wawo anakhala zaka zina zambiri, anaona ana awo akumaliza sukulu. Kenaka onse anabwerera ku Rumphi, ndipo a Gondwe anagona komweko chaka cha mliri uja, ine osatha kupita kukaponya dothi. Kampani inagulidwa ndi ena, inasamuka. Mwezi wathawu ndinadutsa ku Maitland, ndinapeza pamalo pathu paja akugulitsa masofa akale, ndinaima tsidya lina la msewu kwa kanthawi ndikuyang'ana zenera limene tinkakhala.

Mukuti umboni uli kuti? Mboni yanga ili m'manda, ndiye mwaona ngati mwandipeza. Chabwino. Ntchito yabwino siikhala malo amodzi, anthu anaikopera, inayenda makina ndi makina mpaka inalowa m'matumba mwanumo. Tulutsani mafoni anu nonse, inunso a Phiri, pukutani mafutawo kaye. Zimitsani. Tsopano yatsani. Imene iyake msanga, dziwani kuti muli dzanja langa ndi la a Gondwe. Imene ichedwe musandiyang'ane ine, ndi ana a masiku ano abwezeramo zimene tinachotsa.