Malaya a Thupi Limene Silinafike

Dandaulo langa loyamba kwa wogulitsa mankhwala oondetsa ndinalilemba Lachiwiri la sabata yachiwiri ya Okutobala, dzuwa lisanafike paliwombo. Lina ndinalemba patapita masiku asanu ndi anayi, linanso mmawa wotsatira ukwati wa mwana wanga. Makope onse ali m'faelo yofiira. Yankho ndilibe. Ndiye ndati ndikuuzeni inu, kaya wogulitsayo amawerenga.

Ndine mphunzitsi wopuma, ndimakhala kwa Zulu kuno ku Mchinji, ndipo pepala lokhala ndi chidindo sindilitsutsa. Chipumire ntchito mimba yanga yakhala ikunditsogolera, moti nsapato zanga ndimaziona bwino ndikazivula.

Mzime wathu Chisomo atanena zokwatiwa, komiti ya ukwati inasankha chitenje cha akuchikazi, cha buluu chokhala ndi timasamba, chokagulidwa ku Chipata. Aliyense analandira mamita ake. Ine anandipatsa atatu, azilamu anga akuseka chamumtima.

Sabata yomweyo, pagulu lapafoni la aphunzitsi opuma, wina anaponya chithunzi: kumanzere bambo wonenepa, kumanja yemweyo ataonda, atanyamula buluku lake lakale ngati thumba la feteleza lopanda kanthu. Mankhwala ake ndi obaya, ati mapeputayidi. Ndinalembera wogulitsayo pa nambala imene inali pansi pa chithunzicho. Anayankha mwaulemu, kumanditchula adadi, natumiza satifiketi ya zidindo ziwiri ndi tebulo losonyeza masentimita amene azichoka m'chiuno sabata iliyonse. Ndinalipira, n'kukasindikiza zonse ku boma. (Tebulolo linali la mizere yowongoka bwino. Zaka zonse ndili m'kalasi sindinaonepo mwana wojambula tebulo lotero n'kukhala wabodza.)

Kuyambira pamenepo, masana ndikakhala pansi pa mtengo wa mango, mapiri atafunda utsi wa chilimwe, ndinkakumana ndi munthu amene ndinasiyana naye kalekale, ine wa pa unyamata. Woonda, wopisira malaya, akutsetsereka pa njinga msewu wa ku Kachebere manja ali m'mwamba, mphepo itamufufumitsa malaya kumsana. Ndinkamuona akulowa mu holo atagwira Chisomo pamkono, mapazi osagunda pansi kwenikweni, anthu akunong'onezana kuti mchimwene wake wa mkwatibwi ameneyu anali kuti masiku onsewa.

Ndinatenga tebulo lija, n'kuwerengera masabata khumi otsalawo, n'kupita ndi nsalu yanga kwa atelala apamsika.

"Imani apo ndikuyezeni, aphunzitsi."

"Tepiyo isungeni. Muyeso ndi uwu." Ndinawapatsa kapepala.

Anawerenga, anandiyang'ana pamimba, anawerenganso. "Malayawa ndi a ndani?"

"Anga."

"A liti?"

"A Novembala."

"Ine ndimasokera anthu amene ndikuwaona, aphunzitsi. Ameneyu sindinamuonepo."

Anandiuza kuti ndisayine kuseri kwa kapepalako kuti ndanena ndekha. Ndinasayina mokondwa, poona kuti ndi munthu wodziwa kusunga umboni. Nsalu yotsala ndinapatsa alongo anga kuti asokere duku ndi timadiresi ta adzukulu.

Katundu amene wogulitsa uja anati afika pa masiku anayi anatenga masabata atatu. Anabwera ndi dalaivala wa thiraki, ndipo ndinakakumana naye kuboda, osintha ndalama akundizungulira ngati ndikuwoloka. Kabokosiko anakachotsa pansi pa galasi lakutsogolo, kotentha ngati mbatata yootcha. Pamwamba pake panalembedwa kuti kasungidwe pozizira.

"Kakhala pomwepa masiku asanu, madala," anatero. "Tinali pamzere wa kasitomu."

M'katimo munali timabotolo tiwiri, dzina limodzi, nambala imodzi. M'kamodzi munali ufa woyera, m'kena zachikasu zomatirira pansi ngati uchi wouma. Apa m'pamene ndinalemba dandaulo loyamba lija. Wogulitsa anangoti, "Kachikasuko ndiye kamphamvu, adadi." Ndinafunsa za koyerako. "Nakonso." (Limeneli sindiliwerenga ngati yankho.)

Ndinapita nato kwa anesi oyandikana nafe, mayi wa ku Rumphi wosataya mawu, kuti andibaye. Anakanda pepala la pabotolo ndi chikhadabo. Linamatuka, ndipo pansi pake panali lina la dzina losiyana.

"Izi, bambo, ngakhale mbuzi sindingaibaye."

"Koma satifiketi nayi. Zidindo ziwiri."

"Chidindo amagoba ndi lezala pa chidutswa cha pata-pata. Ngati mukufuna kuchepa thupi, bwerani kuchipatala tikuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, tikambirane. Mukabaya izi, chitenje cha ukwaticho anthu adzavala pamaliro."

Sindinabayitse, koma ndisabise, mtima sunagonje. Pa dandaulo lachiwiri wogulitsa analonjeza kutumiza mankhwala ena atsopano, ndipo ine ndinabwerera pansi pa mango kukadikira. Wanjinga uja ankabwerabe masana alionse, akuondera-ondera. Kuchipatala sindinapite. Kudya sindinachepetse, poganiza kuti mankhwala akafika apeze ntchito yokwanira. Tsiku lina ndinaona kuti chithunzi cha pa nambala ija chasintha: tsopano ankagulitsa matayala a galimoto. Mauthenga anga anayamba kubwerera ndi kachongi kamodzi, ngati mwana amene wakhoza theka.

Lachisanu masana, ukwati uli mawa, ndinayesa malaya aja. Mikono inalowa. Mabatani ndi mabowo ake ankangoonana chapatali, pakati pali mpata wa zikhatho ziwiri.

"Bambo a Chisomo, kokerani mimba m'kati," anatero akazi anga.

"Ndakokera kale."

"Ndiye mwana wanu mukamupereka mchombo uli pamtunda?"

Tinaimbira ku Chipata, chitenje chija chinali chitatha. Atelala anafufuza m'dengu lawo, n'kupeza kuti zidutswa zazikulu zimene zatsala ndi za chitenje cha akuchimuna, amene ankasoketsa komweko: chachikasu, cha nkhanga. Anang'amba malaya anga m'nthiti monse n'kuikamo zigamba ziwiri, kuyambira m'khwapa mpaka pansi. Anangoika kapepala kosayina kaja pamwamba pa makina, poonekera.

Mu holo ndinalowa mikono nditaimata m'thupi ngati msilikali. Chisomo anandinong'oneza, "Adadi, mwatchena, koma musakweze manja." Ndinasunga lamulolo mpaka pa perekani-perekani. Woyendetsa mwambo ataitana akuchikazi, nyimbo inandilowa m'mafupa. Ndinatsinzina, ndipo kwa kanthawi ndinali wopepuka ndithu, mphepo ikundiomba, msewu ukutsetsereka. Ndinakweza manja onse awiri. Nkhanga zinatulukira mbali zonse.

"Imitsani nyimbo!" anakuwa woyendetsa mwambo. "Bambo awa ndi a mbali iti?"

Ataitana akuchimuna, asewere anga, bambo ake a mkwati, anadzandigwira padzanja. "Tiyeni asewere, m'nthitimu ndinu athu." Ndinavina kawiri. Chisomo anaseka mpaka zodzola zinatsika ndi misozi, ndipo pa zithunzi zonse za ukwati ine ndili pakati, mbali iliyonse ikuti ndiime nayo.

Tsono kwa inu ogulitsa, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba, pasanathe masiku khumi ndi anayi. Mundiuze chimene chili m'timabotoloti, pakuti ndikutisungabe. Mundiuzenso ngati mankhwala enieniwo alipo, ndi tsiku limene angafike kuboda, chifukwa azibambo a kumpingo kwathu asankha yunifomu ya Pasaka, ndipo ine muyeso sindinapereke.