Lamu Watsopano Salowa pa Mayi Wakale

Inu, tamverani za a Ikubwera, bambo aja ojambula mapulani a nyumba. Dzinali sanabadwe nalo. Analitola okha, chifukwa chilichonse chimene mungawaonetse, foni kaya nsapato, ankachiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti yabwino ikubwera. Ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo anadekhadi mpaka kompyuta yawo inayamba kulira ngati chigayo.

Loweruka lililonse masana ankakhala pabalaza ndi alamu awo, achimwene a akazi awo, amene ankagona pakhomopo poyembekezera kuti nyumba yawo ifoleredwe. Ankapikisana pa gemu yothamangitsa magalimoto, alamu pa laputopu, a Ikubwera pa chibokosi chawo cha pansi pa tebulo, ndipo Loweruka lililonse a Ikubwera ankagonja. Galimoto yawo ikafika pakona chithunzi chinkaima, pomadzayambanso kuyenda n'kuti ili m'ngalande. Zoti mwina vuto linali manja awo, ayi, zimenezo sizinawafikepo m'mutu.

Atamva kuti kukutuluka purosesa watsopano, kachipangizo kaja kamene kamaganizira kompyuta, anathamangira kwa wokonza makompyuta wa pansi pa masitepe a kuntchito kwawo. Wokonzayo anawafotokozera kuti purosesayo sakhala pa mathabodi yakale, thabwa lija lonyamula zonse za m'kati, limene pashopupo ankangolitchula mwachidule kuti mayi. Mayi atsopanowo abwera amitundu iwiri. Ena alandira ramu wakale wa mtundu wachinayi, timitengo ta memori timene a Ikubwera anali nato kale, ena afuna wachisanu, wothamanga koma wodula. Anawauzanso kuti pa gemu kusiyana kwake n'kochepa, koma mawu amenewo a Ikubwera anawasiya pamasitepe pomwepo.

Umbombo unkati sunga wakale, matama ankati gula watsopano. Ndiye dziwani zinthu ziwiri. A Ikubwera ankatchula zipangizo zimenezi mwaulemu ngati anthu, ndipo ramu pakamwa pawo ankatuluka lamu, monga amatulukira pakamwa pa tonsefe.

Tsiku lina madzulo anaima pakhonde n'kuimbira wokonza uja, osadziwa kuti zenera la kubafa ndi lotsegula ndipo alamu ali m'katimo, sopo ali kumutu.

"Mayi ndiye achoke basi, pamenepo palibe zokambirana," anatero a Ikubwera. "Chikundisowetsa tulo ndi lamu. Amene ndili naye m'nyumba munoyu ndi wochedwa, amangodya magetsi. Ndi wachinayi, ine mtima uli pa wachisanu. Koma ngati mayi watsopanoyo angamulandire, ndikhoza kumusunga. Kutaya chinthu chopuma si bwino."

Alamu anatseka mpopi pang'onopang'ono. Munthu sapeza mlamu watsopano popanda kupeza mkazi watsopano, masamu amenewo anawatha sopo asanatsike m'maso. Chinawapweteka kwambiri n'choti iwo ankadziyesa mlamu woyamba.

Nkhani inafika kwa mlongo wawo tsiku lomwelo. Akazi a a Ikubwera, namwino wa kuchipatala cha mano, sanali munthu wokhulupirira zam'maluwa. Anadikira mpaka m'mawa, akusita malaya a amuna awo, n'kufunsa mwakachetechete ngati zili zoona kuti akufuna kusintha mayi.

A Ikubwera nkhope inawala. Zaka zonsezi mkazi wawo anali asanafunsepo za kompyuta, lero Mulungu wayankha! Anakhala pabedi n'kuyamba kufotokoza bwinobwino.

"Ndakhala ndikuganiza kwa nthawi yaitali. Wakaleyu wanditumikira, sindikana. Koma watopa. Akangogwira ntchito pang'ono watentha kale, phokoso ndiye musanene."

"Nanga winayo?"

"Akubwera mwezi wamawa. Ndangomuona pazithunzi, koma ndi wooneka bwino, wopyapyala. Anzanga onse akumudikira."

Akaziwo anatembenuza malaya n'kusita kolala. Anafunsa kuti wakaleyo apita kuti.

"Wokonza makompyuta uja wati amutenga. Iye zakale sanyansidwa nazo."

A Ikubwera anavala malayawo, kolala itapserera pang'ono, n'kupita kuntchito akuimba mluzu. Pankhomaliro anauza anzawo kuti banja limakoma mukamakonda zinthu zofanana.

Sabata imeneyo m'nyumba munali bata loti munthu wanzeru akanaliopa. Makatani a kuchipinda anatsika, a Ikubwera anati akuchapidwa. Zithunzi zaukwati zinachoka pakhoma, iwo anayamikira kuti pakhomapo payera, pangakwane sikirini yaikulu. Alamu anayamba kuzimitsa getsi lililonse limene adutsa, kusamba madzi ozizira, kuyenda mothamanga kuchoka pabalaza kupita kukhitchini kuti aoneke achangu. A Ikubwera anangoti masewera olimbitsa thupi ndi abwino pa msinkhu wawo. Paja amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinkaimba ndithu, eniake ndiwo anali ndi mahedifoni m'makutu.

Loweruka pobwera kometa anapeza masutikesi ali pakhomo, akazi awo atavala zapaulendo, alamu ataima pambali manja ali kumbuyo ngati mlonda.

"Tisanapite," anatero alamu, "tionetseni mkaziyo. Ndiponso mundiuze za alamu atatu aja anabwera ine ndisanabwere."

A Ikubwera anayang'ana alamu, anayang'ana masutikesi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mutu wawo unathamanga kuposa purosesa aliyense. Anagwada pansi pa tebulo n'kumasula chibokosi chija. Fumbi linatuluka loti mungadzalemo mbewu. Anazula kamtengo ka ramu kobiriwira konga chipeso n'kukapereka kwa alamu ndi manja awiri, kenako analoza thabwa la m'katimo n'kunena ndi mawu aang'ono kuti mayi ndi amenewo.

Alamu anakatembenuza kamtengoko uku ndi uku.

"Ndiye ine ndi ameneyu?"

"Wachinayi," anatero a Ikubwera.

Alamu anakhala pa sutikesi n'kuseka mpaka kutsokomola. Mlongo wawo sanaseke. Anasuzumira m'bokosimo nthawi yaitali, ngati akuona dzino lobooka.

"Bambo, mayi a m'bokosiwa akatentha mumadziwa. Akatopa mumadziwa, akasintha kaliridwe mumadzuka pampando. Ine ndalongedza katundu sabata yathunthu pamaso panu, maso atatupa, inu n'kumayeza khoma."

Pamenepo a Ikubwera anachita manyazi enieni, ndi mantha omwe, chifukwa anaona kuti kulongosola za lamu sikunamasule sutikesi ngakhale imodzi. Anangonyamula masutikesiwo okha kubwerera nawo kuchipinda, anakwera pampando n'kupachika makatani, n'kubwezera zithunzi zaukwati pamisomali yake, china chozondoka, mpaka anachita kuuzidwa.

Akazi awo anapereka chigamulo a Ikubwera akadali pampandopo. M'nyumba muno mayi sasinthidwa, kaya wa m'bokosi kaya wa kunja kwa bokosi, ndipo lamu akhala yemweyo mpaka nyumba yake ifoleredwe. Wokonza makompyuta anangopukuta fumbi n'kupaka mafuta atsopano oziziritsa purosesa wakale. Chigayo chinaleka kulira, chithunzi chinaleka kuima pakona.

Mwezi unatha, purosesa watsopano anatulukadi, anthu anagula. Loweruka lotsatira a Ikubwera anakhala pansi ndi alamu, kompyuta ikuyenda myaa ngati yatsopano, ndipo pakona yoyamba galimoto yawo inalowa m'ngalande ija bwinobwino, popanda chodzikhululukira. Alamu anafunsa mwaulemu ngati vuto ndi lamu.

"Musadandaule," anatero a Ikubwera, maso ali pasikirini. "Ndamva kuti chaka chamawa akubwera wina woposa onsewa."

Kuchipinda, kumene akazi awo ankasita, simbi inagunda pa tebulo.

"Akubwera ndani?"

"Palibe, mayi," anayankha msangamsanga. "Palibe akubwera."